Chimabwerera mu Uvuni Kamodzi Kokha

Achimwene,

Mukuukumbukira uvuni wa kunyumba yakale ija, umene chitseko chake sichinkatsekeka mpaka titsamiritsepo mpando? Ine ndimaukumbukira kuposa chipinda chimene ndinkagonamo.

Lamlungu amayi sankapita ku hositelo ya ophunzira unamwino kumene ankagwira ntchito yophika, koma m'malo mopuma ankaphikanso kunyumba. Ankayala mbatatesi zodula mopyapyala m'mbale yawo yagalasi, pamwamba pake nyama yogaya, kenako makaroni, mkaka ndi tchizi, n'kulowetsa mu uvuni. Chakudyacho chinalibe dzina. Ife tinkangoti cham'galasi.

Inu pa nthawi ya chakudya simunkapezeka. Munkatuluka nsapato za mpira zili pakhosi, n'kukuwa muli kale pageti kuti, "Mundisungire changa, ndikubwera!" Amayi ankaseka n'kunena kuti a Mochedwa anyamuka. Ankakusiyirani chapakona, chifukwa munkakonda pamene tchizi wapserera m'mbali.

Dzuwa likapendeka ankayamba ntchito yokutenthetserani. Ankathira timkaka m'mbali mwa mbale kuti chakudya chisaume, n'kuvindikira ndi foyilo, moto n'kuuchepetsa. Ankati ukachithamangitsa chimapserera kunja m'kati muli zii. Pakapita nthawi ankabaya mpeni pakati n'kuugunditsa pamlomo. Mpeniwo ukatentha ankachotsa foyilo kuti pamwamba paumenso mmene munkafunira. Ndipo anali ndi lamulo limodzi limene sankaseka nalo: chakudya chimabwerera mu uvuni kamodzi kokha. Ankati ku hositelo anaonapo atsikana atagona m'makonde atagwira pamimba, chifukwa cha wophika wina amene ankatenthetsa zotsala kawiri katatu.

Pampando wotsamira chitseko uja ndinkakhalapo ndine, buku lili pamiyendo, msana ukutentha. Inu munkafika thukuta lili kamukamu, n'kudya chiimire, mbale n'kuisiya musinki. Sindikukumbukira kuti munafunsapo kuti chakudya chophikidwa masana chimapezeka bwanji chili chotentha madzulo.

Taonani, ndayamba ngati munthu wosaleredwa, osapereka n'komwe moni. Muli bwanji, achimwene? Alamu anga ali bwanji, nanga ana? Ndinamva kuti wamkulu uja wakupitirirani kale msinkhu. Bondo lija linasiya kukuvutani? Ife kuno tilipo. Alamu anu msana ndi umene umawavuta chifukwa chokhalitsa m'galimoto yophunzitsira anthu kuyendetsa, koma akulimbikira. Ine ndikadali ku laibulale komwe kuja.

Kalatayi ndikulembera kuntchito pa nthawi yopuma masana, m'kachipinda ka kuseri kumene timamata mabuku ong'ambika. Mumanunkha guluu ndi fumbi, koma simulowa munthu. Sindikudziwa ngati ndidzaitumize. Pafoni ndayesapo kulankhula nanu, koma inu mukangoseka ine mawu amandithawa, ndimapezeka ndikuvomera kuti inde, mwina ndikukulitsa nkhani. Papepala simungandidule mawu.

Bambo atamwalira munati amayi azikhala kwa ine, chifukwa ndine wamkazi komanso chipatala chili pafupi, ndipo inu muzibwera pafupipafupi. Ndinavomera, ndipo sindikudandaula kuti ndinavomera. Ndangokukumbutsani kuti mawuwo anali ndi mbali ziwiri.

Za amayi mumazidziwa, koma mumadziwa za pafoni. Pafoni amakhala bwino. Akangomva mawu anu amawongoka pampando n'kukonza mpango kumutu ngati mukuwaona. Foni ikadulidwa ndi pamene ife timatsala ndi amayi enieni. Masiku ena amandidziwa. Masiku ena amanditcha mayi a nyumba ino, n'kundithokoza chifukwa chosunga munthu wachilendo. Alamu anu kwa iwo ndi abambo aulemu aja. Nthawi zina amafunsa ngati bambo aweruka kuntchito, ndipo ndinasiya kuwauza kuti anamwalira, chifukwa nthawi iliyonse amalira ngati amva kumene.

Koma dzina lanu silinachoke, ndipo manja awo sanaiwale cham'galasi. Munthu amene sadziwa kuti lero n'lachingati amadula mbatatesi zofanana zonse ngati wayeza ndi rula. Adokotala anati kuphikako tisawaletse, ndi kumene kukuwagwira kuti asatayikiretu. Anati munthu wotere ukamulanda ntchito imene manja ake amaidziwa, amangokhala n'kumazimirira pang'onopang'ono.

Tsono inu mumaimba Lamlungu m'mawa. Ndimakweza foni kuti amve bwino, choncho zonse ndimazimva. Mumawafunsa ngati agona bwino, mumawauza za ana, mumawaseketsa mpaka kutsokomola. Ndiye pomaliza, pamene anthu ena amati tsalani bwino, inu mumati mundisungire changa, ndikubwera. Ndikudziwa kuti kwa inu ndi nthabwala yakale, njira chabe yotsekera foni. Kale nawonso ankadziwa kuti ndi nthabwala. Pano ayi.

Mukangodula amadzuka n'kumanga epuloni. Poyamba ndinkasangalala. Ndinkathamangira kukagula nyama ndi tchizi, n'kuima pambali kumawapatsira zinthu, nyumba yonse n'kumanunkhira ngati kale. Tinkadya atatu, iwo n'kusiya chapakona. Madzulo ankachitenthetsa n'kukakhala pawindo loyang'ana kumsewu. Basi iliyonse ikaima pasiteji ankasuzumira kuona otsika. Kukayamba kuda ndinkawauza kuti mwina mpira wapitirira, mbale n'kuiika mufiriji.

Vuto linkayamba Lolemba. Amaiwala kuti anatenthetsa kale, koma saiwala kuti mukubwera. Ife tikapita kuntchito, iwo ankatulutsa mbale: timkaka, foyilo, moto wochepa. Lachiwiri chimodzimodzi, Lachitatu chimodzimodzi. Munthu yemwe uja wa lamulo la kamodzi kokha. Nditawakumbutsa lamulolo anandiyang'ana modabwa, n'kunena kuti amalidziwa kuposa ine, n'chifukwa chake akutenthetsa koyamba.

Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene amadzawasuzumira masana ife kulibe, ndi amene anandiuza kuti uvuni umayaka tsiku lililonse. Mayiyu salankhula mozungulira. Anandifunsa kuti kodi achimwene anga a pafoni aja amakhala kumwezi, poti chakudya chawo chatsala pang'ono kusanduka njerwa iwo asanafike. Ndinaseka nawo, kenako ndinayamba kukuikirani kumbuyo, kuti ntchito yanu ndi yotangwanitsa. Anati nayenso mwana wake ndi wotangwanika, koma sauza munthu kuti amusungire chakudya.

Ndinayamba kutaya chakudya chanucho Lolemba m'mawa iwo asanadzuke, mbale n'kuitsuka. Anazindikira. Tsiku lina anapeza mbale ili mbee pashelefu, ndipo anandifunsa nkhope ikuwala ngati munabwera iwo ali mtulo n'kudya. Ndikanatha kunama kuti inde. Mpaka pano sindidziwa chifukwa chake sindinaname. Mwina sindinkafuna kuti mulandire ulemu wa ulendo umene simunayende. Ndinati ayi, ndataya chifukwa chikanapweteka munthu m'mimba.

Zimene anandiyankha ndikufuna muzimve mmene anazinenera. Anati, "Mayi inu, ndikudziwa kuti mukundisunga, koma chakudya cha mwana wanga musamadye. Ngati muli ndi njala nenani, ndikuphikirani chanu."

Ndinalowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti asandimve. Nditatuluka ndinapeza atandipangira tiyi, nkhani yonse ataiiwala.

Mawuwo anaiwala, koma firiji anasiya kuikhulupirira. Ankati ndi mmene mayi uja amabamo, kutanthauza ine. Anayamba kubisa. Ankadula chapakona n'kuchikulunga mu foyilo, n'kuchiika m'kabati ya zovala pansi pa majuzi. Ine poona mbale yopanda kanthu ndinkadziyamikira kuti nkhani yatha. Koma masana ankachitulutsa, n'kuchibwezera m'mbale yagalasi, n'kutenthetsa. Mukapanda kufika ankadyako pang'ono kuti aone ngati chikadali bwino, chotsalacho n'kubisanso. M'chipinda chotentha chija, sabata yathunthu.

Mayi woyandikana nafe uja ndi amene anawapeza atagwa pakhomo la kubafa. Kuchipatala anawaika diripi. Thupi lawo lija ndi laling'ono kale, pabedi paja ankaoneka ngati mwana. Nditabwerera kunyumba kukatenga zovala zosinthira, ndi pamene ndinatsegula kabati n'kumva fungo. Namwino wa muwodi anandifunsa ngati kunyumba kulibe munthu woyang'anira zimene akudya. Sanafunse mwachipongwe. Ndinangoyang'ana nsapato zanga. Ndinaphunzira mpaka ku yunivesite, wophunzira akandifunsa buku la matenda a okalamba ndimamulozera shelefu ndisanadzuke n'komwe, koma fungo la m'kabati ya mayi anga sindinalimve.

Atatsitsimuka, funso lawo loyamba silinali loti ali kuti. Anafunsa ngati a Mochedwa adya.

Ndinakuimbirani ndili pakhonde la chipatala. Munadandaula, sindikukana. Munati muyesetsa kubwera ntchito ikachepa. Koma nditakupemphani kuti musiye mawu aja, munaseka. Munati ndi kanthabwala kokhako kamene katsala pakati pa inu ndi amayi, ndiye ine ndikufuna kukalanda. Munati vuto langa ndi lomwe lija la kale, lotenga chilichonse ngati mayeso. Munati za uvuni ndizisiye kwa inu, mupeza njira. Lamlungu lotsatira, amayi atangotuluka kumene m'chipatala, munatsekanso foni ndi mawu omwe aja.

Ndaganizapo kwambiri ngati munkanena zoona. Mwina ndi nsanje. Ndine amene ndimawasambitsa, kuwadula zikhadabo, kuwamwetsa mankhwala, koma chapakona sichinakhalepo changa. Munthu wa msinkhu wanga kumalirira ngodya ya chakudya n'zochititsa manyazi, ndipo ndikudziwa. N'zoonanso kuti mawu anuwo ndi amene amawadzutsa pampando. Sabata ina imene simunaimbe anakhala tsiku lonse atayang'ana khoma, epuloni ili pamsomali. Choncho nthawi zina sindidziwa chimene ndikupempha. Chimene ndimadziwa n'chakuti inu mumanena mawuwo n'kupita kukadya ndi ana anu, ife n'kutsala nawo sabata yonse.

Kenako kunabwera za moto. Foyilo ndinabisa dala, poganiza kuti popanda foyilo satenthetsa. Ndinalakwitsa. Anavindikira chakudya ndi kansalu kopukutira mbale. Mwayi wake wophunzira wina wa alamu anu anajomba, ndiye iwo anadutsira kunyumba kudzamwa tiyi. Anapeza utsi ukutuluka pawindo la kukhitchini, amayi ali phee patsogolo pa uvuni, akuti akuyang'anira. Anawatulutsa panja n'kubwerera kukazimitsa. Dzanja lawo lamanja linapsa pochotsa kansaluko, mpaka pano akugwira chiwongolero atamanga bandeji.

Mukuwadziwa alamu anu. Munthu amene amakhala tsiku lonse pambali pa anthu oponda mafuta pofuna buleki, koma osakweza mawu. Ndi amene amachapa zofunda za amayi zikawonongeka, ine ndisanadzuke, n'kunamizira kuti amayesa sopo watsopano. Tsiku limenelo sanakalipe. Anakhala patebulo dzanja lili m'beseni la madzi ozizira, n'kunena kuti ayesa kuzimitsa swichi ya pakhoma, amayi amaiyatsa. Ayesa kuimata ndi tepi, amamatula. Ndinati bwanji tiike loko. Anandikumbutsa mmene amayi anadzichekera chala potsegula ndi mpeni kabati ya mankhwala imene tinakhoma. Anati aitana wamagetsi adzadule waya wa uvuni, chifukwa ife kulibe amayi china chilichonse sayatsa. Anati sakufuna tsiku lina kudzapeza nyumba ili phulusa, apongozi awo ali m'kati.

Ankanena zoona. Ndinangowapempha kuti ayambe adikira. Anandifunsa kuti tikudikira chiyani. Ndinati achimwene anati apeza njira. Anandiyang'ana mmene amayang'anira wophunzira amene walakwitsa koma sakufuna kumuchititsa manyazi, n'kunena kuti chabwino, mpaka kutha kwa sabata yamawa. Pakadali pano tikamachoka timazimitsa magetsi a nyumba yonse. Firiji imasungunuka, amayi amakhala opanda wailesi. Sizingapitirire choncho.

Mukumvetsa tanthauzo la kudula waya umenewo? Lamlungu amayi adzamanga epuloni, adzayala mbatatesi zawo, adzatembenuza batani, osayaka. Adzandifunsa, ndidzanama kuti uvuni wawonongeka. Mawa lake adzayesanso. Kenako tsiku lina sadzayesanso, ndipo pampando paja padzatsala munthu amene sindikudziwa kuti ndidzamuitana kuti ndani. Ndi ntchito yomaliza imene akuidziwa padziko pano.

Apa ndi pamene ndinalekezera Lachisanu. Mapepalawa anakhala m'chikwama changa, ndipo ndinali nditaganiza zowang'amba. Lero Lolemba ndikupitiriza ndili patebulo la kukhitchini kwathu. Mundikhululukire zilembozi.

Sindinapite kuntchito chifukwa mayi woyandikana nafe wapita kukaona mwana wake. Chakumasanaku galimoto yayitali yakuda inaima pageti. Amayi anali pawindo. Chitulukireni m'chipatala sindinawaonepo akudzuka msanga chotero. Anathamangira kuchipinda, n'kutuluka atavala diresi yawo ya maluwa, mabatani atamanga mophonya. Anandiuza kuti ndichotse mabuku patebulo, mwana wawo wafika.

Amene anatsika ndi dalaivala wa kuntchito kwanu, bambo wamtali waulemu, atanyamula katoni. Anati bwana atumiza mphatso ya agogo. Titatsegula tinapeza mayikulowevu yonyezimira, ya mabatani ambirimbiri. Anati bwana anena kuti iyi siyiwotcha nyumba, imazima yokha, agogo akhoza kumatenthetsa mmene angafunire.

Ndiye njira ija ndi imeneyi. Achimwene, mukanakhala kuti munaimapo tsiku limodzi lokha m'khitchini kuona mmene chakudya chanu chinkatenthetsedwera, mukanadziwa kuti amayi saika mbale pamoto osavindikira ndi foyilo. Foyilo mu mayikulowevu imathetheka moto. Mwatumiza chinthu chimene chingawawotche msanga kuposa uvuni. Ndipo ngakhale chikanakhala chabwino bwanji, potenthetsera ali napo kale. Amene akusowa ndi wodya.

Amayi anaizungulira, n'kufunsa ngati ndi wailesi yakanema. Dalaivala anaseka, nawonso anaseka. Kenako anasuzumira kuseri kwake, kugeti, n'kufunsa kuti nanga a Mochedwa atsalira kuti.

Ine pofuna kumupulumutsa bamboyo ku funsolo ndinati pepani ndi ulendo wautali, muyenera kuti mwalawirira. Anadabwa. Anati ayi, achokera pahotela ya pafupi ndi bwalo la mpira, kumene bwana ali pamsonkhano chiyambire Lachinayi, ndipo abwerera kwawo madzulo ano msonkhano ukatsekedwa. Atanena anaona nkhope yanga, n'kuyamba kutembenuzatembenuza makiyi m'manja. Musakamukalipire. Sanadziwe kuti n'zobisa.

Hotela imeneyo ndimaidutsa tsiku lililonse pabasi. Ndiye kuti dzulo, pamene munkauza amayi pafoni kuti mukubwera, munali pamtunda woti ngakhale munthu wa bondo lovuta akhoza kuyenda wapansi. Ndayesa kukupezerani chifukwa, monga ndimachitira nthawi zonse. Mwina mumaopa kuwaona mmene alili. Mwina mumaopa kuti sadzakudziwani, adzakutchani abambo aulemu. Ngati ndi zimenezo ndikumvetsa, chifukwa ine zimandichitikira sabata iliyonse, ndipo sindinafe nazo.

Amayi anamva za msonkhanowo. Ndinkayembekezera kulira. M'malo mwake anamanga epuloni pamwamba pa diresi ya maluwa ija, n'kumuuza dalaivala kuti akhale pansi. Anati mwana wawo akakhala pantchito amaiwala kudya, ndipo za m'mahotela zimakhala zozizira m'kati. Bamboyo anayesa kunena kuti akuchedwa, bwana amudikira. Anamuyankha kuti bwana wakeyo wadikiridwa moyo wake wonse, lero adikireko iye.

Cham'galasi ndi chimene anaphika dzulo ine nditaima pambali pawo. Madzulo ndinawanamiza kuti magetsi azima, choncho sichinabwerere mu uvuni, chinagona mufiriji. Ndatulutsa foyilo pamene ndinabisa. Athira timkaka m'mbali, avindikira, achepetsa moto. Panopa dalaivala akumwa tiyi, ine ndikulemba, iwo akuyang'anira. Chitseko cha uvuni uno chimatsekeka bwinobwino, koma atsamiritsapo mpando.

Angobaya kumene mpeni, augunditsa pamlomo, achotsa foyilo, pamwamba pauma mmene mumafunira. Ndimaganiza kuti adula chapakona n'kuika m'kabakuli. Ayi. Akulunga mbale yonse ndi thaulo, mbale yagalasi imene sanabwerekepo munthu, ngakhale azakhali pa ukwati wa mwana wawo. Amuuza dalaivala kuti aiike pampando, osati kubuti, ndipo asathamange pa mabampu. Kenako amuyang'ana m'maso n'kulankhula ndi mawu a amayi athu akale aja: "Mukamuuze adye chikadali chotentha, ndipo mbale yanga abweretse yekha. Ndikufuna ndione ngati wanenepa."

Pempho langa ndi lomwelo, sindiwonjezera zambiri. Chakudyacho mudye lero. Chabwerera kale mu uvuni kamodzi, musakachitenthetsenso, kaya mu uvuni kaya m'bokosi ngati limene munatumizali. Mukalephera kudya mutaye nokha. Ine ndatopa kutaya chakudya chanu.

Mbale mubweretse ndi manja anu. Popanda mbale imeneyo amayi sayatsa uvuni, saphikira mwina. Ndiwauza alamu anu kuti wamagetsi ayambe wadikira, chifukwa masiku amene mbale ili kwa inu nyumba siipsa. Koma amayi azindifunsa kuti mbale ili kuti, ndipo ndiziwauza zoona, kuti ili ndi a Mochedwa. Mukabwera nayo adzakuphikirani mutaima pambali pawo, mudzadya patebulo chongochoka kumene pamoto. Za uvuni tidzakambirana atatu ndi alamu anu, inu mutaona ndi maso anu. Ndipo pochoka mudzawauze kuti tsalani bwino, monga amanenera anthu ena onse.

Mbale ikabwera ndi dalaivala, wamagetsi adula waya tsiku lomwelo. Ikapanda kubwera n'komwe, wamagetsi sadzafunikanso, mudzakhala mutadula ndinu. Ndipo zikatero foni yanu ya Lamlungu ndizidzayankha ndine, sindidzawapatsira. Ndalemba mawu amenewa, ndawawerenga, ndipo sindikudziwa ngati ndidzakwanitse. Mwina ndi nkhanza. Mwina amene ndikuwalanga ndi amayi, osati inu. Koma sindifufuta.

Mayikulowevu ndaibwezera m'katoni, ili kubuti. Alamu anga akhoza kuigwiritsa ntchito.

Mundiperekere moni kwa iwo, muwauze kuti juzi imene anatumiza amayi amaikonda, savula. Ana muwauze kuti azakhali awo amawakumbuka, ndipo agogo awo, ngakhale maina anasokonekera, zithunzi zawo amazipukuta fumbi m'mawa uliwonse. Alamu anu akanakhalapo akanapereka moni. Mulungu akusungeni pa ulendo wa madzulo ano, kaya mulowera kwanu kaya kuno.

Dalaivala waimirira, makiyi ali m'manja. Ndilibe envelopu. Ndingopinda mapepalawa n'kuwalowetsa pansi pa mfundo ya thaulo, pamwamba pa mbale, ndimupatse zonse pamodzi. Akafika ali ofunda musadabwe. Amayi abwerera kale pawindo.

Ndine mlongo wanu,
wa pampando wa pa uvuni uja